Mwana wanga adamwalira asanabatizidwe, kodi ali kuti?

Funso: "Bambo, ndine mayi wachikatolika. Chaka chatha ndidabereka mwana wamkazi, woyamba m'banja mwathu, koma adangokhala ndi moyo masiku 9. Tidagwirizana ndi amuna anga kuti tikamubatize ndikangopezako mphamvu. Usiku wina adayamba kubanika, ndipo pofika kuchipatala n'kuti atatisiya kale. Pamaliro azakhali anga adandiuza kuti mwana wosabatizidwa salowa kumwamba, amapita ku Limbo, ndipo nkhope ya Mulungu sadzaiona mpaka muyaya. Ena adati wotere sitimuperekera Misa. Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhale pansi. Ndimaona ngati ndine ndidamutsekera khomo. Ndidasiya kulandira Ukaristia ndipo usiku sindigona tulo. Pano ndili ndi pathupi pena, mantha andigwira. Ndiuzeni zoona, Bambo, musandinyengerere: mwana wanga ali kuti?"

Mayi, pepani kwambiri. Masiku 9 ndi okwanira kuti mayi adziwe kaliridwe ka mwana wake, kagwiridwe ka tizala take ndi kulemera kwake pachifuwa. Amene mudataya ndi mwana wanu weniweni, ndipo pasapezeke wokuuzani kuti chisoni chanu chakhalitsa.

Mwati ndisakunyengerereni, ndiye ndiyamba ndi yankho, zifukwa zibwera pambuyo. Mpingo wa Katolika suphunzitsa kuti mwana wanu ali kumoto. Sukukakamizaninso kukhulupirira kuti ali ku Limbo, chifukwa Limbo sidalengezedwepo kukhala chiphunzitso cha chikhulupiriro. Chimene Mpingo umachita ndi kumupereka m'manja mwa Mulungu wachifundo, ndipo umanena poyera kuti tili ndi zifukwa zoyembekezera kuti pali njira ya chipulumutso kwa ana ngati wanuyu. Izi mudzazipeza m'Katekisimu ya Mpingo wa Katolika ya 1992, pa ndime 1261. Ndimeyo yatsamira pa zinthu ziwiri: kuti Mulungu amafuna anthu onse apulumuke, monga tiwerenga pa 1 Timoteo 2:4, ndi chikondi cha Yesu pa ana pamene adati asiyeni adze kwa Ine, musawaletse, pa Marko 10:14. Dzina la Limbo m'Katekisimu yonseyo mulibe.

Komabe azakhali anu sadapeke okha zimene adanena. Adabwereza zimene iwo adaphunzitsidwa, ndipo ndikufuna mudziwe kumene zidachokera, chifukwa mawu oopsa amachepa mphamvu ukadziwa gwero lake.

Zonse zimayambira pa mawu a Ambuye kwa Nikodemo pa Yohane 3:5, akuti munthu sangalowe mu Ufumu wa Mulungu ngati sabadwa mwa madzi ndi Mzimu. Akhristu sadawapeputsepo mawu amenewa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 400, Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, adalimbana kwambiri ndi otsatira a Pelagius, amene ankati mwana amabadwa wosakhudzidwa ndi kugwa kwa Adamu ndiponso kuti munthu angathe kukhala wolungama ndi mphamvu zake. Augustine ankateteza choona: palibe munthu, ngakhale khanda la tsiku limodzi, amene amalowa kumwamba popanda chaulere cha Khristu. Koma mkanganowo utafika potentha adatsiriza ndi mfundo yowawa, yakuti ana osabatizidwa amatayika, ngakhale kuti chilango chawo n'chopepuka kuposa cha wina aliyense. Ine Augustine ndimamulemekeza, ndaphunzira zambiri kwa iye, koma pamenepa adapitirira, ndipo Mpingo sudamutsate mpaka kumapeto. Ngakhale m'nthawi zakalezo si onse ankaganiza ngati iye. Kummawa, episkopi Gregory wa ku Nazianzus adali atanena kale kuti ana otere salangidwa, ngakhale iye ankaganiza kuti salandiranso ulemerero.

Aphunzitsi a pambuyo pake mtima sudawalole kunena kuti khanda limamva ululu kwamuyaya. Mu 1201 Papa Innocent III adalemba kuti chotsatira cha tchimo lobadwa nalo ndi kusaona Mulungu, pamene mazunzo a kumoto ndi a machimo amene munthu wachita yekha mwa kufuna kwake. Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira mu 1274, adapitanso patsogolo. Iye adati ana otere samva kuwawa konse, amakhala ndi chimwemwe cholingana ndi chibadwa chawo, ndipo sadandaula ndi zimene sadazidziwe. Mkhalidwe umenewu ndiwo udapatsidwa dzina la Limbo, kuchokera ku liwu la Chilatini lakuti limbus, kutanthauza mphepete, ngati mpendero wa chovala. Mukuona tsono kuti Limbo idabadwa chifukwa cha chifundo. Anthu ankafuna kuwachotsa anawo m'chilango popanda kuchepetsa kufunika kwa Ubatizo. Maganizowa adafala, adalowa m'mabuku ophunzitsira katekisimu m'maiko ambiri, ndipo mu 1794 Papa Pius VI adateteza owaphunzitsa kwa anthu amene ankawanena kuti akufalitsa nthano ya Pelagius. Koma kuteteza maganizo kuti ngololedwa n'kosiyana ndi kulengeza kuti ndi choonadi chimene Mulungu adaulula. Chachiwirichi palibe Papa kapena msonkhano waukulu umene udachita.

Sindikubisirani mawu olimba amene wina angakuonetseni pa intaneti. Misonkhano ikuluikulu ya maepiskopi ya ku Lyon mu 1274 ndi ku Florence mu 1439 idanena kuti mizimu ya omwalira ali m'tchimo lalikulu, kapena m'tchimo lobadwa nalo lokha, siilowa kumwamba koma imatsikira kumalo a otayika, ndipo zilango zawo n'zosiyana. Mawuwa alipodi. Koma muwawerenge mwachifatse. Akunena za mzimu umene wafika pamaso pa Mulungu ulibe chaulere. Sakuyankha funso limene inu mukufunsa, lakuti kodi Mulungu sangapereke chaulerecho kwa khanda m'njira ina, pamene madzi a Ubatizo sadafike. Nkhani yonse yagona pamenepa.

Tiyambe taona kuti tchimo lobadwa nalo n'chiyani, chifukwa makolo ambiri akamva liwu lakuti tchimo amaganiza kuti Mpingo ukunamizira khanda mlandu. Ayi. Katekisimu, pa ndime 405, imanena momveka kuti tchimo limeneli si kulakwa kwa munthu payekha. Ndi kusowa kwa chiyero chimene Mulungu adafuna kuti tibadwe nacho. Zili ngati mwana wobadwira m'banja limene makolo ake akale adamwaza chuma chonse: amabadwa wopanda cholowa, koma iye sadabe kanthu. Mwana wanu sadamulakwire Mulungu ngakhale kamodzi. Ndipo pa ndime 1037 Katekisimu yomweyo imati Mulungu sakonzeratu munthu aliyense kuti apite kumoto, kumeneko amapita amene wamufulatira Mulungu mwadala n'kukakamira pomwepo mpaka kufa. Khanda la masiku 9 silingafulatire aliyense.

Tsono pali mawu a pa ndime 1257 amene ndikadakonda muwasunge pamtima. Amati Mulungu adamangirira chipulumutso ku sakramenti la Ubatizo, koma Iye mwini sadamangidwe ndi masakramenti ake. Ife ndife omangidwa. Ine wansembe, inu makolo, tidapatsidwa njira imodzi yotsimikizika, ndipo tilibe ufulu woinyalanyaza. Koma wopereka njirayo manja ake ngomasuka. Mpingo wakhala ukudziwa zimenezi kuyambira kale, n'chifukwa chake umalankhula za ubatizo wa magazi, wa amene aphedwa chifukwa cha Khristu asanabatizidwe, ndi ubatizo wa chifuniro, wa ophunzira chikhristu amene imfa yawapeza akudikira tsiku lawo. Chigawenga chimene chidapachikidwa pambali pa Yesu sichidatsike pamtanda kukabatizidwa, koma chidamva mawu akuti lero lomwe udzakhala nane m'Paradizo. Yohane Mbatizi adatakataka ndi chimwemwe ali m'mimba mwa Elizabeti, kusonyeza kuti chaulere chimatha kumufikira mwana asanabadwe n'komwe.

Koma chitsanzo chimene chimandigwira mtima kuposa zonse ndi cha pa 28 December. Tsiku limeneli Mpingo wonse umachita chaka cha ana a ku Betelehemu amene Herode adawapha, a zaka ziwiri kutsika m'munsi. Ana amenewa sadabatizidwe. Sadadziwe dzina la Yesu, sadasankhe kumufera, ena mwina adali asanayambe n'kuyankhula komwe. Komabe timawatcha oyera, timavala zofiira paguwa, ndipo timawapempha kuti atipempherere. Inde, nkhani yawo ndi yapadera chifukwa adafa m'malo mwa Khristu. Koma ikutionetsa chinthu chimodzi chosatsutsika: Mulungu amatha kuyeretsa khanda limene silidachitepo kanthu ndi nzeru zake, popanda dontho la madzi.

Msonkhano Wachiwiri wa Vatican udanenanso, m'chikalata cha Gaudium et Spes cha 1965 pa ndime 22, kuti popeza Khristu adafera onse, tiyenera kukhulupirira kuti Mzimu Woyera amapatsa munthu aliyense mwayi wolumikizana ndi imfa ndi kuuka kwa Khristu, m'njira yodziwa Mulungu. Akati aliyense, mwana wanu ali momwemo. Paulo nayenso pa Aroma 5 amati pamene tchimo lidachuluka, chaulere chidachuluka koposa. Zingakhale zodabwitsa kuti kugwa kwa Adamu kumufikire mwana popanda iye kuchitapo kanthu, koma mtanda wa Khristu n'kulephera kumufikira.

Funso lanuli lidafika mpaka ku Roma. M'nthawi ya Papa John Paul II, bungwe la akatswiri a zaumulungu ochokera m'maiko osiyanasiyana, limene limalangiza Mpingo, lidayamba kuliunika, ndipo mu 2007 Papa Benedict XVI adavomereza kuti zimene adapeza zisindikizidwe. Manyuzipepala ena adalemba kuti Papa watseka Limbo. Sizidali choncho kwenikweni. Chikalatacho chidati Limbo ikadali maganizo amene katswiri wa zaumulungu angawagwire, koma pali zifukwa zolemera, zochokera m'chiphunzitso ndi m'mapemphero a Mpingo, zoyembekezera kuti ana omwalira asanabatizidwe amapulumuka ndi kuona Mulungu maso ndi maso. Chidawonjezanso moona mtima kuti zimenezi ndi zifukwa za chiyembekezo chodzaza ndi pemphero, osati kudziwa kotsimikizika, popeza Mulungu sadatiululire chilichonse.

Mwina apa mtima wanu wagwanso, mukuti: ndiye basi, chiyembekezo chabe? Ndimvereni bwino. Mpingo sungalengeze ngati chiphunzitso chinthu chimene Mulungu sadachinene mwatchutchutchu, ndipo ndimaulemekeza chifukwa cha kudziletsa kumeneku. Ukadakhala wonena zokomera anthu, mawu ake ena onse sakadakhala ndi kulemera. Koma chiyembekezo cha chikhristu si "mwina" wa munthu woyang'ana mitambo ngati kugwe mvula. Chimatsamira pa khalidwe la Amene tikumuyembekezera. Ngakhale akuluakulu obatizidwa amene ndawaika m'manda zaka zonsezi, palibe ndi mmodzi yemwe amene ndidalandira kalata yotsimikiza kuti wafika. Onse ndidawapereka m'manja omwewo ndi chiyembekezo chomwecho. Mukandifunsa ineyo, monga wansembe amene waima pambali pa timabokosi ting'onoting'ono tambiri, ndikuuzani mosazengereza: ndimayembekeza ndi mtima wonse kuti mwana wanu ali ndi Mulungu, ndipo Mpingo umandilola kuyembekeza choncho. Chikondi chimene muli nacho pa iye simudachipange nokha. Adakupatsani ndi Mulungu, ndipo sindikhulupirira kuti mtsinje ungakhale ndi madzi ambiri kuposa kasupe wake. Werengani Yesaya 49:15 usiku umene tulo takana.

Tibwere tsopano ku chimene ndikuona kuti ndicho chikukudyani kwambiri, maganizo akuti mudamutsekera khomo. Malamulo a Mpingo, pa nambala 867, amapempha makolo kubatiza mwana m'masabata oyambirira atabadwa. Wanu adamwalira pa tsiku la 9, inu muli ofooka, mutagwirizana kale zomubatiza. Palibe lamulo limene mudaswa. Kuti munthu achimwe payenera kukhala kudziwa ndi kufuna, ndipo inu simudadziwe kuti usiku umenewo udzafika. Mukudziweruza lero ndi nzeru zimene mudazipeza pambuyo pa maliro, pamene mayi wa tsiku la 8 uja adalibe. Ndipo chifuniro chanu chomubatiza si chinthu chachabe. Pa Ubatizo wa khanda lililonse, amayankha ndi makolo, ndipo mwanayo amanyamulidwa ndi chikhulupiriro cha Mpingo. Aphunzitsi ena, monga Kadinala Cajetan m'zaka za m'ma 1500, adaganiza kuti chifuniro cha makolo chingamuimirire mwana amene imfa yamutsekereza. Mpingo sudalengeze zimenezi ngati chiphunzitso, koma ine sindikayika kuti Mulungu adamva zimene inu ndi amuna anu mudakambirana.

Ndinene kwa owerenga ena amene adachedwadi miyezi kapena zaka, mwina chifukwa cha mphwayi kapena mikangano ya m'banja, ndipo mwana adapita. Ngati chikumbumtima chikukutsutsani, pitani nacho ku sakramenti la Kulapa, mukachitule, chikathere komweko. Koma ngakhale pamenepo, Mulungu sabwezera kulephera kwa kholo pa khanda.

Choncho, Mayi, bwererani ku Ukaristia. Palibe chokuletsani pa zimene mwandilembera. Ngati mtima ukukana, yambani mwakhala pansi ndi wansembe wa parishi yanu, mumufotokozere zonse monga mwandifotokozera ine.

Za Misa, amene adakuuzaniwo adalakwitsa, ngakhale kuti kale zinthu zidalidi choncho m'malo ambiri, ndipo makolo ochuluka adavulala nazo. Kuyambira 1969 buku la mwambo wa maliro lili ndi mapemphero a mwana womwalira asanabatizidwe, ndipo buku la Misa la 1970 lili ndi Misa yake. Lamulo 1183 limapatsa episkopi mphamvu yololeza maliro a Mpingo kwa mwana amene makolo ake ankafuna kumubatiza. Mapempherowa ndi osiyanako ndi a munthu wamkulu. Sitipempha kuti mwanayo akhululukidwe, poti alibe choti akhululukidwe, koma timamupereka kwa Mulungu ndi kupempha chitonthozo cha makolo. Ngakhale chaka chadutsa, mungapemphe Misa lero. Ndikukumbukira mayi wina wokalamba amene adabwera kwa ine atasunga nkhani ngati yanuyi zaka zoposa makumi anayi. Mwana wake adaikidwa mwakachetechete, popanda pemphero, ndipo dzina lake silidatchulidwenso pakhomo. Titapereka Misa, n'kutchula dzinalo mokweza paguwa, adalira ngati maliro achitika dzulo, kenaka adandiuza kuti aka n'koyamba kumva kuti mwana wake ali ndi kwawo. Musadikire zaka makumi anayi. Mutchuleni dzina mwana wanu, m'pemphero ndi pakati pa abale. Amayi amene adapita padera kapena kubereka mwana wakufa kale, zonse ndanenazi ndi zanunso.

Ena amafunsa ngati tingabatize mwana atamwalira. Ayi, masakramenti ndi a amoyo. Pokhapokha ngati pali kukayika kuti mwina moyo ukadalipo, pamenepo timabatiza.

Tsono za mwana amene mukuyembekezerayu. Wina anganene kuti ngati Mulungu ndi wachifundo chotere, changu cha Ubatizo n'chachiyani? Ndikukana kwamtuwagalu. Chiyembekezo chimene ndafotokoza n'cha pamene njira yatsekeka popanda kufuna kwathu, osati chilolezo chozengereza. Ubatizo ndi mphatso yotsimikizika: umachotsa tchimo lobadwa nalo, umamusandutsa mwana kukhala mwana wa Mulungu ndi chiwalo cha Mpingo. Kambiranani ndi a ku parishi mudakali oyembekezera, kuti tsiku lidziwike msanga. Koma muchite zimenezi ngati mayi wokonzera mwana wake chabwino, osati ngati wothawa Mulungu wolusa.

Ndipo dziwani ichi, chimene Akatolika ambiri sadauzidwe: mwana akakhala pangozi ya imfa, munthu aliyense angathe kumubatiza. Inuyo, amuna anu, namwino, ngakhale munthu wosabatizidwa, bola akhale ndi cholinga chochita zimene Mpingo umachita. Mutenge madzi enieni, pang'ono pokha akwanira, muthire pamutu pa mwana katatu mukunena kuti: "Ine ndikukubatiza m'dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera." Wothira madzi ndi wonena mawu akhale munthu mmodzi. Umenewu ndi Ubatizo wathunthu. Mwana akachira sabatizidwanso, mumangodziwitsa wansembe kuti alembe m'kaundula ndi kutsiriza miyambo yotsala kutchalitchi. Ndikudziwa kuti powerenga izi mtima ungakubayeni kuti mukadadziwa usiku uja. Simudadziwe, ndipo mayi amene mwana wake akubanika amathamangira kuchipatala. Mudachita zoyenera.

Pali china chimene mapemphero okha sangathetse, ndipo ndingakhale wosakhulupirika nditachisiya. Chaka chathunthu osagona bwino, muli ndi pathupi, si nkhani yaing'ono. Mukapita kusikelo muwauze anamwino kapena adokotala zonse: kuti mudataya mwana wa masiku 9, mmene adabanikira, ndiponso kuti tulo ndi mtendere zidakuthawani. Zidzawathandiza kukuyang'anirani mwapadera inu ndi mwanayo, ndipo angakutumizeni kwa mlangizi wodziwa za chisoni. Ngati mwasiya kudya, ngati mukulephera ntchito za tsiku ndi tsiku, kapena ngati akubwererani maganizo akuti bola mumutsatire mwana wanu, musadikire tsiku la sikelo. Uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Kutero si kuchepa kwa chikhulupiriro.

Amuna anu musawaiwale. Abambo ambiri amalira chamumtima, ndipo mwina nawonso akudziimba mlandu womwewo osakuuzani. Awerengereni yankholi. Azakhali anu musakangane nawo. Ngati mpata utapezeka, aitanireni ku Misa ya mwanayo, akamve okha mapemphero amene Mpingo umanena lero. Kawirikawiri amene amayankhula mawu olimba chotere amakhala kuti nawonso ali ndi kamanda kena kamene sadakalirepo.

Mukakonza tsiku la Misayo, mundilemberenso ndi kundiuza dzina la mwana wanu. Ndidzamutchula paguwa tsiku lomwelo, ndiponso pa 28 December.